Ana Akufuna Chipale, Mayi Akufuna Dzuwa: Ulendo wa ku Aviemore

Loweruka

Ndikulemba foni ili pa kathebulo ka m'sitima, pambali pa mabisiketi ophwanyika ndi golovesi imodzi yomwe inzake yasowa tisanafike n'komwe ku Stirling. Tanyamuka ku Glasgow Queen Street m'mawa uno, ine ndi ana anga awiri, mtsikana wa zaka 7 ndi mlongo wake wa zaka 4. Tikupita ku Aviemore, kumapiri a ku Scotland, kukafuna chipale chofewa. Ine mwana wa ku Nchalo, wokulira m'chigwa cha Shire komwe mu Okutobala anthu amagona pakhonde poti m'nyumba simugoneka, ndatulutsa ndalama zangazanga kuti ndikazizidwe.

Abambo awo atsala, ali pa shifiti ya usiku. Iwo kwawo ndi ku Dedza ndipo sachedwa kudzitama kuti kuzizira anabadwa nako. Dzulo ndikulongedza ndinawafunsa kuti, "Nanga inu obadwa nako, bwanji osapempha tchuthi n'kupita nawo nokha anawa?" Anangoseka n'kundipatsa masokosi awo aubweya.

Amene sanakhaleko ku Scotland amaganiza kuti kuno chipale chimagwa tsiku ndi tsiku. Ku Glasgow ayi. Mphepo yochokera ku nyanja ya Atlantic imatibweretsera mvula, mvula yowaza yosatha, ndipo chipale chikagwa usiku pofika masana chasanduka matope akuda m'mbali mwa msewu. Mtsikanayu wakhala akumva anzake a kusukulu akusimba zotsetsereka pa chipale, ndipo chiyambire Novembala nyimbo yake ndi yomweyo. Sukulu zatseka masiku ochepa pakati pa Febuluwale, ndiye chowiringula chandithera.

Njirayo ndi yokongola, zimenezo sindingakane. Kudutsa Perth, Dunkeld, Pitlochry, kunja kunali kobiriwira ndi kotuwa basi, mwana wamkulu n'kuyamba kundiyang'ana ngati ndamunamiza. Titapitirira Blair Atholl sitima inayamba kukwera pang'onopang'ono, mitengo n'kumachepa, kenaka mbee! mapiri onse oyera. Ana anakanirira pa windo mpaka mphuno kuphwatalala. Apa ndi pa Drumochter, malo okwera kuposa ena onse pa njanji zikuluzikulu za ku Britain, mamita 452. Ndinaseka ndekha, chifukwa Lilongwe ali pamwamba kuposa pamenepa kuwirikiza kawiri. Ngakhale phiri la Cairn Gorm lomwe tikupitalo ndi mamita 1,245, pomwe tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600. Abambo awo anakulira pamwamba kuposa nsonga ya phiri lililonse la dziko lino. Kuzizira kwa kuno sikuchokera ku kutalika kwa mapiri kokha, koma kuti dzikoli lili kumpoto kwenikweni, ndipo dzuwa la nyengo ino limangoyenda m'munsi, lopanda mphamvu, lowala chabe.

Tatsika ku Aviemore patatha pafupifupi maola atatu. Ndi katauni ka msewu waukulu umodzi, kodzaza masitolo a majekete, nsapato zokwerera mapiri ndi zipangizo za ski, masewera otsetsereka pa chipale utamanga timatabwa titalititali kumapazi. Kanakula m'zaka za m'ma 1960 pomwe masewera a pa chipale anayamba kukopa alendo, ndipo zikuoneka kuti aliyense amene ukumana naye wavala zovala za mtengo woposa lendi yanga. Tagula masileji awiri apulasitiki, wofiira ndi wobiriwira. Kwa amene simunaonepo, tangoganizani beseni lalitali losambitsira khanda, lokhala ndi chingwe kutsogolo. Basi ndi chimenecho chomwe tayendera ulendo wonsewu.

Dzuwa lalowa itangokwana 5 koloko. Hitala ya m'chipinda ndaitsegula mpaka kumapeto.

Lamulungu

Kutchalitchi lero sitinapite, ndipo amayi anga asamve.

Kuveka ana awiri zovala za chipale ndi ntchito yoti munthu azilipidwa. Mkati malaya ndi buluku zothina zosunga kutentha, zisakhale za thonje chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi ndipo siliuma. Pamwamba pake juzi. Kenaka ovolosi yosalowa madzi, masokosi, majombo, chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi. Kumaso Vaselini wambiri, poti khungu lathuli mphepo ya kuno imalituwitsa ndi kuling'amba. Nditamaliza kumanga zipi yomaliza, thukuta lili kamukamu, wamng'onoyo anandiyang'ana m'maso n'kuti, "Amayi, ndikufuna kukodza."

Tinakwera basi yopita ku Glenmore, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni. Msewu umadutsa m'nkhalango ya Rothiemurchus, yomwe ndi imodzi mwa zotsala za nkhalango yakale ya paini yomwe inkakuta mbali yaikulu ya Scotland. Mitengo yake si yoongoka ngati ya m'minda ya matabwa, ndi yopindikapindika, makungwa ake ofiirira kumtunda. Kutsogolo kwathu kunali lole yomwaza mchere mumsewu kuti matayala asaterereke. Mtsikana wanga anandiuza kuti malole amenewa kuno amawapatsa mayina oseketsa, ndipo ena mwa mayinawo amasankha ndi ana a sukulu. Anthu a dziko lino nyengo yozizira anapangana nayo chibale.

Pafupi ndi Glenmore pali dambo lotsetsereka lomwe amalitcha Hayfield, ndipo ndi komwe mabanja amapita ndi masileji. Titafika panali kale khamu: ana, agalu, azibambo akuluakulu ndevu zili pepeya akukuwa kuposa ana awo. Foni inkasonyeza madigiri 3 pansi pa ziro. Chipale chinkalira pansi pa majombo, kuti kwechekweche.

Wamkuluyo sanadikire malangizo. Anathamanga kukwera, anakhala m'sileji, n'kutsika akulira mokondwa mpaka pansi pomwe anagubuduzika n'kudzuka nkhope yonse ili mbuu. Ndinathamangira poganiza kuti wavulala. Anandikankha n'kuti, "Amayi, mwandiona? Mwandiona?" n'kubwereranso kumtunda.

Ine ndinaima pansi pa chitunda, manja m'matumba, mapewa m'makutu. Pano ndiyenera kunena zomwe zithunzi sizionetsa. Kholo loima ndi lomwe limazizidwa kuposa aliyense pamalopo. Ana akuthamanga, magazi akuyenda, akutentha mpaka kufuna kuvula zipewa. Iwe wangoima pa madzi oundana, ndipo kuzizira kumayambira ku zidendene n'kumakwera. Pakatha mphindi makumi awiri zala za kumapazi sukuzimvanso. Gogo wina wachizungu amene anabwera ndi zidzukulu zake anandiona ndikunjenjemera, n'kundiuza kuti ndisaime malo amodzi, ndizikwera nawo ana, ndizikoka sileji. Anandionetsanso magolovesi ake opanda zala, aja olowetsa dzanja lonse pamodzi, akuti amafunda bwino chifukwa zala zimatenthetsana. Anga anali achikopa, okongola, ogulira kupita kutchalitchi. Ndinawathokoza agogowo ndi mtima wonse koma mumtima ndikuti, mayi inu, vuto langa si magolovesi.

Malamulo a pamalopo palibe anawalemba koma aliyense akuwadziwa. Pokwera umadzera m'mbali, osati pakati pomwe anzako akutsika. Mwana akhale chokhala, miyendo kutsogolo, asagone chafufumimba mutu kutsogolo. Ukafika pansi dzuka msanga uchoke, chifukwa kumbuyo kukubwera wina amene alibe mabuleki. Ndipo usanamusiye mwana, yang'ana komwe chitundacho chikuthera: pakhale pafulati, popanda mtengo, mpanda kapena msewu. Zimenezi ndinaziphunzira poyang'ana, komanso poona bambo wina akugwetsedwa ndi mwana wa eni ake yemwe anamudula miyendo kuchokera kumbuyo. Anadzuka akuseka. Kwathu pakanakhala mlandu wopita kwa amfumu.

Wamng'onoyo anakana. Anakwera mpaka pamwamba, anayang'ana pansi, n'kundigwira mwendo. Mlongo wake anamunyengerera, anamuseka, anamulonjeza switi, koma ayi ndithu. Kenaka anati, "Ndikwera ndi inu, Amayi."

Ndiye ndinakhala m'kabeseni kofiirako, mawondo m'chibwano, mwana pakati pa miyendo. Mtsikana anatikankha popanda kuchenjeza. Sindinganame kuti ndinasangalala. Chipale chinandilowa m'manja mwa jekete mpaka m'zigongono, mphepo inandiliza misozi, matako anamva bampu aliyense, ndipo ndinafuula "Mayo ine!" mokweza moti galu wina anauwa. Koma mwana amene ndinamukumbatira uja ankaseka thupi lonse, kuseka kochokera m'mimba komwe ndinkakumva m'chifuwa changa. Titaima anati, "Tibwerezenso." Kutsika ndi masekondi ochepa, kukwera ndi mphindi zingapo ukukoka sileji ndi mwana yemwe wasankha kuti miyendo yake yatopa. Masamu ake sakugwirizana, koma tinabwereza mpaka ndinasiya kuwerenga. Agogo aja ananena zoona pa chinthu chimodzi: mapazi anayambanso kumveka.

Masana tinakhala pa benchi n'kutsegula fulasiki ya tiyi wamkaka wa shuga wambiri ndi mandasi omwe ndinakazinga Lachisanu usiku. Mandasi ozizira gwa, koma anatha onse. Ndinaimbira amayi ku Nchalo pa WhatsApp kuti aone zidzukulu. Iwo anali pansi pa mtengo wa mango akudzipepesa ndi kansalu. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenaka anati, "Iwe, anawo walakwirana nawo chiyani?" Mtsikana anawaonetsa chipale m'dzanja, n'kuyesa kuwafotokozera m'Chichewa chake chopindika kuti n'chofewa ndipo chimasungunuka. Agogo ake anati, "Chabwino amama, koma musadye." Wamng'onoyo anali atadya kale chokwanira.

Chomwe chinatithamangitsa ndi manja a mtsikanayo. Magolovesi ake ananyowa osanena, poopa kuti ndimubweza. Titalowa m'kanyumba ka tiyi kofunda, magazi atayamba kubwerera ku zala, analira kulira kwenikweni. Ululu umenewo ndimaudziwa, umakhala ngati zala zapanidwa ndi chitseko. Mankhwala ake si madzi otentha kapena kugwira hitala, chifukwa khungu lochita dzanzi silimva kuti likupsa. Ndinamulowetsa manja m'khwapa mwanga, pansi pa juzi, mpaka analeka. Patapita kanthawi anafunsa ngati mawa tibweranso.

Madzulo chipinda chonse chasanduka poyanikira. Masokosi pa hitala, maovolosi pa chitseko cha bafa, majombo odzaza nyuzipepala. Walira mvula walira matope.

Lolemba

Usiku mphepo inatembenuka. Ndinadzuka kukumveka madzi akudontha kuchokera padenga, ndipo nditasuzumira pa windo msewu unali wakuda, chipale cha m'tauni chitasanduka phala. Mtima wanga unati phee ndi chimwemwe. Ndinali nditayamba kale kuganiza za tsiku lokhala m'nyumba, katuni pa TV, ine m'bulangeti. Kenaka mtsikana anadzuka, anayang'ana panja, milomo n'kuyamba kunjenjemera.

Ndi mmene chipale cha ku Scotland chilili, lero chilipo mawa chapita, ndipo anthu a kuno akuti masiku ano chikuchepa. Pa phiri la Braeriach, kufupi konkuno, pali kachigawo ka chipale kotchedwa Sphinx komwe kale kankakhala chaka chonse osasungunuka. M'zaka zonse za m'ma 1900 kanatheratu katatu kokha, mu 1933, 1959 ndi 1996. Kuyambira 2017 kakhala kakutha pafupipafupi. Ine wodana ndi kuzizira ndinayenera kukondwera ndi nkhani imeneyi, koma wa ku chigwa cha Shire amadziwa komwe kutentha kwa dziko kumathera. Madzi a Freddy mu 2023 sanafunse ngati timakonda dzuwa.

Tinakweranso basi. Ku Glenmore kuli gulu la mphalapala za kumayiko ozizira zotchedwa reindeer, zokhazo ku Britain zomwe zimayenda momasuka m'mapiri. Zinatha m'dziko lino kalekale, ndipo anazibweretsanso mu 1952 ndi Mikel Utsi, m'busa wa mtundu wa Sami wochokera ku Sweden, pamodzi ndi mkazi wake Ethel Lindgren. Utsi ataona mapiri ano a Cairngorms anati akufanana ndi kwawo, ndipo ndere zomwe nyamazi zimadya zilipo zambiri. Lero zilipo pafupifupi 150. Kuti uzione umayenda ndi abusa ake kukwera phiri kanjira ka miyala, ndipo wamng'onoyo theka la njira anayenda ali kumsana. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama n'kumubereka pamwamba pa jekete. Azungu ena anajambula, ine ndinalibe mpweya woti ndiwaletse.

Nyamazo zinandidabwitsa. Ndi zazifupi kuposa mmene ndinkaganizira, zofatsa, mphuno zake zaubweya mpaka kumilomo. Zikamayenda miyendo yake imalira kuti thethethe, ndipo m'busa anatiuza kuti ndi mtsempha wa ku phazi womwe umadumpha pa fupa, akuti zimathandiza kuti zisatayane kukachita chifunga. Zazikazi nazonso zili ndi nyanga, ndipo nyengo ino ndi zomwe zimakhala nazo, pomwe atonde akuluakulu anagwetsa kale zawo. Mtsikana wanga anakondwa nazo kwambiri zimenezi ndipo akuti akawauza abambo ake. Imodzi inagona pa chipale ikubzikula mwamtendere, ndipo itadzuka pomwe inagonapo sipanasungunuke n'komwe. Ubweya wake sutulutsa kutentha. Ndinaisirira nyama imeneyo kuposa mmene ndasiririra munthu aliyense chaka chino.

Kumtundako chipale chinalipo, ndiye titatsika tinapitiriza ndi basi mpaka pomwe msewu umathera, pa malo oimika magalimoto a anthu a ski, mamita opitirira 600. Pali sitima yokwera phiri yomwe inatsegulidwa mu 2001, koma ndi mphepo yomwe inalipo sindinaiganizire n'komwe. Pamwamba pa phiri limeneli la Cairn Gorm ndi pomwe anayezapo mphepo yamphamvu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya Britain, mamailosi 173 pa ola, mu Malichi 1986. Ya lero inali mwana chabe, komabe inandilanda chipewa. Tinapeza kachitunda kakang'ono kutali ndi a ski, ana n'kutsetsereka pang'ono. Chipale chonyowa sichithamanga, sileji imangokhuta n'kuima, koma chimaumbika bwino, zomwe cha dzulo chouma chija chinkakana. Anaumba munthu wamfupi wa mutu wopendekeka, maso a timiyala, n'kumuveka sikafu yanga. Akuti ndi ine. Nditafunsa chifukwa chake anati poti wakwinya nkhope.

Pobwerera tinatsika pa Loch Morlich. Ndi nyanja yaing'ono yozunguliridwa ndi paini, ili ndi gombe la mchenga weniweni, koma lero pamwamba pa mchengawo panali zigamba za chipale, abakha akuyenda m'mphepete mwa madzi oundana. Panali anthu awiri akusambira. Akusambira! Ndinawatembenuza ana kuti asatengere.

Lachiwiri

Thupi lonse likuwawa, makamaka ntchafu ndi mapewa. Ana ali bwinobwino ngati sanachite kanthu.

Sitima yathu inali ya masana, ndiye m'mawa tinazungulira m'tauni. Ndinalowa m'sitolo n'kugula magolovesi aja opanda zala, mapeyala atatu, poti anali otsitsidwa mtengo. Mtsikana anandiyang'ana mochenjera n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti tidzabweranso, eti Amayi?" Ndinamuuza kuti ndagulira kudikira basi ku Glasgow.

Pa pulatifomu ndinawayang'ana awiriwo akukangana za amene anathamanga kwambiri. Ine masewera anga a ubwana anali fulaye ndi phada pa fumbi lotentha, ndipo ndimafuna nawonso adzawadziwe. Koma awa anabadwira kuno. Febuluwale wawo ndi uyu, wa mphuno zotuluka mamina ndi masokosi onyowa, ndipo akadzakula akamadzati "tili ana" adzatanthauza chitunda cha ku Glenmore. Mwezi uno sindidzaukonda, ndipo sindikuona chifukwa chonamizira. Ndimamwa vitamini D wanga monga a zaumoyo amalangizira ife a khungu lakuda, ndimawerenga masabata otsala kuti Epulo afike, basi.

Masileji m'sitima ndi katundu wovuta. Sakwana pa shelefu ya pamwamba, pansi pa mpando salowa, ndipo wofiirayo anatsetsereka yekha mpaka pakati pa kanjira pomwe sitima imatsika ku Drumochter. Wamng'onoyo anagona tisanafike ku Pitlochry, pakamwa pali yasa. Wamkuluyo anajambula reindeer ya nyanga zazikulu kuposa thupi, pansi pake n'kulemba kuti ndi yaikazi.

Abambo awo anatichingamira ku Queen Street, maso ali psuu ndi tulo ta shifiti. Ana anawalumphira onse akulankhula nthawi imodzi. Atamva zonse anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye mwazolowera tsopano, mayi a ana?" Ndinawapatsa masileji onse awiri ndi chikwama cha zovala zonyowa, n'kuwauza kuti chaka chamawa tchuthi cha Febuluwale akapemphe mu Okutobala.